Aristides de Sousa Mendes, konsulo amene anasainira othawa nkhondo

Ngati munaimapo pamzere pakhomo la konsulado, kaya ku Blantyre, ku Johannesburg kapena ku Tete, mukudziwa mmene mtima umagundira mukangopereka mapepala anu pawindo. Amene ali mkatiyo ali ndi cholembera ndi chidindo basi, koma ulendo wanu wonse wagona pa zinthu ziwirizo. Akasaina mupita, akakana mubwerera kunyumba. Lero patsamba lino mumva mbiri ya munthu amene anakhala kuseri kwa windo lotere mumzinda wa Bordeaux ku France, mu Juni 1940, nthawi imene kubwezedwa pawindo kunkatanthauza imfa kwa anthu ambiri. Dzina lawo ndi a Aristides de Sousa Mendes, Mpwitikizi amene anamwalira mu 1954.

A Aristides anabadwa pa 19 Julayi 1885 m'mudzi wa Cabanas de Viriato, m'chigawo cha Viseu ku Portugal. Anabadwa mapasa, ndipo mnzawo anali a César. Bambo awo anali woweruza milandu, banja linali lopata, lachikatolika, komanso lokonda ulamuliro wa mafumu. Mapasawa anaphunzira zamalamulo limodzi ku yunivesite ya Coimbra, kenako onse awiri analowa ntchito ku unduna woona za ubale ndi mayiko akunja. A César anakwera mpaka kukhala nduna ya undunawo mu 1932. A Aristides anatsata njira ya ukonsulo. Anakwatira wachibale wawo, mayi Angelina, ndipo anabereka nawo ana 14, ambiri a iwo m'mayiko achilendo, chifukwa ntchitoyi siikhazika munthu malo amodzi.

Tisiyanitse kaye mawu awiri amene ambirife timawasokoneza. Embaixada, imene pa Chichewa timati ofesi ya kazembe, imakhala imodzi m'dziko, ku likulu, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kulankhulira boma lake kwa boma linzake. Mayiko a Commonwealth akatumizirana akazembe amaitcha Alto Comissariado, n'chifukwa chake ya Moçambique ku Lilongwe ndi ku Lusaka ili ndi dzina limenelo. Konsulado ndi ofesi ya anthu wamba. Ikhoza kukhala chipinda chimodzi mkati mwa embaixada, ikhozanso kuima payokha mumzinda wa doko kapena wa pafupi ndi malire, kumene kuli nzika zambiri za dzikolo. Pasipoti ikatha kapena ikatayika muli kunja mumapita kumeneko. Mwana akabadwira kunja amakamulembetsa kumeneko, munthu akamwalira mapepala onyamulira maliro amadutsa kumeneko, ndipo mnzanu akamangidwa ndi konsulo amene ali ndi udindo wokamuona kundende. Ntchito zonsezi ndi zothandiza nzika zake. Koma pali ntchito ina imodzi imene konsulo amachitira alendo: kuwapatsa viza, imene pa Chipwitikizi timati visto, chilolezo cholowera m'dziko lake. Mbiri ya a Sousa Mendes yagona pa ntchito imeneyi.

Anayamba mu 1910 ku Demerara, m'dziko limene lero ndi Guyana. Chaka chotsatira anawatumiza ku Zanzibar, kumene kunali anthu ambiri ochokera ku Goa, amene nthawi imeneyo ankawerengedwa ngati nzika za Portugal. Atachoka kumeneko anagwira ntchito ku Brazil, ku San Francisco, ku Vigo, ndipo kuyambira 1929 anakhala zaka 9 ku Antwerp m'dziko la Belgium. Musaganize kuti anali wantchito wopanda banga. Akuluakulu awo anawadzudzulapo kangapo asanafike n'komwe ku France. Ankakonda kulandira alendo, nyumba yawo sinkasowa odya, ndipo ndalama sizinkakhalitsa m'manja mwawo. Mu 1938 boma linawasamutsira ku Bordeaux, mzinda wa doko pa mtsinje wa Garonne. Ofesi ndi nyumba yogona zinali pamodzi, pa nambala 14 mumsewu wa Quai Louis XVIII.

Amene ankalamula Portugal nthawi imeneyo mukumudziwa: António de Oliveira Salazar, yemwe uja amene boma lake linkakakamiza makolo athu kulima thonje ndi kugwira chibalo kuno kwathu. Salazar anali mutu wa boma, ndipo kuyambira 1936 anadzitengeranso unduna woona za mayiko akunja, choncho makonsulo onse ankayankha kwa iye. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayamba mu Seputembala 1939, Portugal sinalowerere mbali iliyonse. Pa 11 Novembala chaka chomwecho undunawo unatumiza kwa makonsulo ake kalata ya malangizo yotchedwa Circular 14. Kalatayi inaletsa konsulo kupereka viza, asanapemphe chilolezo ku Lisboa, kwa anthu opanda dziko, kwa anthu a ku Russia, kwa Ayuda othamangitsidwa kumene ankakhala, ndi kwa aliyense amene sakanatha kubwerera kumene wachokera. Taonani amene anatchulidwawo. Ndi anthu omwewo amene ankafunitsitsa kuthawa. Pempho likapita ku Lisboa yankho linkachedwa, ndipo nthawi zambiri linkabwera lokana.

Mwina mukufunsa chifukwa chake viza ya dziko laling'ono ngati Portugal inali yamtengo chonchi. Yang'anani mapu. Asilikali a Hitler ankatsika kuchokera kumpoto. Munthu wothawa ankayenera kutuluka mu France, kudutsa Spain, n'kukafika ku Lisboa, doko limene sitima zopita ku America zinkanyamukabe. Koma Spain sinkalola munthu kudutsa ngati alibe umboni wakuti Portugal imulandira. Wopanda chidindo cha konsulo wa Portugal ulendo wake unkathera pamalire.

A Sousa Mendes anayamba kuphwanya lamuloli pang'onopang'ono. Kumapeto kwa 1939 anapereka viza kwa a Arnold Wiznitzer, Myuda wa ku Austria, katswiri wa mbiri yakale, yankho la ku Lisboa lisanabwere. Mu Malichi 1940 anachitanso chimodzimodzi kwa a Eduardo Neira Laporte, dokotala wa ku Spain amene ankathawa boma la Franco. Unduna unawachenjeza kuti akabwerezanso adzaimbidwa mlandu. Kumapeto kwa Meyi anachita chachikulu kuposa apo: anapatsa mnyamata wina wa ku Luxembourg pasipoti ya Portugal, pomwe sanali nzika. Umenewu unali mlandu weniweni pamaso pa lamulo, ndipo iwo, monga munthu wophunzira zamalamulo, ankadziwa.

Pa 10 Meyi 1940 Ajeremani analowa mu Belgium, Netherlands ndi Luxembourg, ndipo pa 14 Juni analanda Paris. Anthu mamiliyoni anadzaza misewu kulowera kumwera, ena pa galimoto, ena pa njinga, ena wapansi atasenza katundu. Boma la France nalo linathawira ku Bordeaux. Inu a ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga ndi ku Mutarara amene munawoloka malire kupita ku Malawi m'zaka za nkhondo yathu, kapena amene makolo anu anakusimbirani, simufunika kufotokozeredwa mmene mzinda umaonekera ukadzaza ndi anthu ogona panja. Ku Bordeaux anthu ankagona m'mabwalo, pasiteshoni ya sitima, m'sunagoge, ndi pamasitepe okwerera ku konsulado ya Portugal. Ambiri ankaopa kuchoka pamzere ngakhale kukafuna chakudya, kuti malo awo angatengedwe.

Pakati pa khamuli panali rabi Chaim Kruger, wobadwira ku Poland, amene anathawa ku Belgium ndi mkazi wake ndi ana. A Sousa Mendes anawalandira m'nyumba mwawo n'kuwapemphera viza ku Lisboa. Lisboa inakana. Konsuloyo analonjeza kuti awasainira ndithu, koma a Kruger sanavomere kulandira viza ya banja lawo lokha pamene anzawo masauzande ali panja. Kukana kumeneku kunawalasa a Sousa Mendes. Anadzitsekera kuchipinda masiku atatu, atagona, osagwira ntchito. Taganizani zimene ankayeza mumtima: anali ndi zaka 54, banja lalikulu, ngongole, ndi chenjezo la bwana amene sankaiwala kulakwiridwa.

Pa 17 Juni, tsiku limene Pétain analengeza pa wailesi kuti France ikupempha kuleka kumenyana, a Sousa Mendes anatuluka m'chipinda n'kuuza banja lawo ndi antchito kuti apereka viza kwa aliyense wopempha, osafunsa za mtundu, chipembedzo kapena ndale. Ntchito inayenda ngati ya pamunda wa dima. A Kruger ankatolera mapasipoti panja n'kuwabweretsa milumilu. Ana aamuna a konsuloyo ndi mlembi wa ofesi, a José Seabra, ankadinda ndi kulemba m'kaundula, ngakhale mlembiyo ankachita mantha ndi kuphwanya lamulo. A Sousa Mendes ankasaina usana ndi usiku, mpaka anafupikitsa siginecha yawo kuti dzanja lifulumire. Opanda ndalama sankawabweza. Usiku wa pa 19 Juni ndege za Ajeremani zinaponya mabomba pa Bordeaux, ndipo khamu linayamba kuthamangira kumalire a Spain.

Konsuloyo anawatsatira. Mzinda wa Bayonne unali m'dera limene iwo ankayang'anira, ndipo konsulado yaing'ono ya kumeneko inali itazingidwa ndi anthu. Anafika n'kulamula kuti ma viza aperekedwe, iwonso n'kukhala pansi kusaina. Analolezanso wachiwiri kwa konsulo ku Toulouse kuchita chimodzimodzi. Kenako anapitirira mpaka ku Hendaye, pa mlatho wolowera ku Spain, akusainabe, nthawi zina pa pepala wamba kwa anthu amene analibe pasipoti.

Apa m'pamene muone mphamvu ya kazembe poyerekeza ndi ya konsulo. Kazembe wa Portugal ku Madrid, a Pedro Teotónio Pereira, anapita okha kumalire, anaona zimene zinkachitika, n'kudziwitsa Lisboa ndi akuluakulu a Spain kuti ma viza a konsulo wa ku Bordeaux asalandiridwenso. Ofesi ya kazembe wa Britain ku Lisboa nayo inali itadandaula za kayendetsedwe ka konsulado ya ku Bordeaux. France inasaina pangano logonja pa 22 Juni, ndipo patangopita masiku awiri Salazar analamula kuti a Sousa Mendes abwerere kwawo msanga. Iwo sanafulumire. Analowa mu Portugal pa 8 Julayi.

Kodi anapulumutsa anthu angati? Nambala imene imatchulidwa kawirikawiri ndi 30,000, mwa iwo Ayuda 10,000, koma akatswiri a mbiri yakale amatsutsana nayo, ena akuti ndi yokokomeza. Chimene chilipo cholembedwa ndi kaundula wa konsulado ya ku Bordeaux, amene akusonyeza ma viza 2,862 kuyambira pa 1 Januwale mpaka pa 22 Juni 1940, ndipo 1,575 mwa amenewa anaperekedwa m'masiku 12 omaliza okha. Kumbukirani kuti viza imodzi inkatha kunyamula banja lonse lolembedwa pa pasipoti imodzi, komanso kuti za ku Bayonne ndi ku Hendaye siziri m'kaundula ameneyu. Pa olandirawo panali anthu otchuka: Otto von Habsburg, mwana wa mfumu yomaliza ya Austria, banja lachifumu la ku Luxembourg, wojambula zithunzi Salvador Dalí ndi mkazi wake, ndiponso Hans ndi Margret Rey, olemba mabuku a ana, amene anathawa ku Paris pa njinga. Koma ochuluka anali anthu wamba amene mayina awo amadziwika ndi zidzukulu zawo zokha. Ambiri amene anafika pamalire a Portugal boma linawalola kulowa, n'kuwagawa m'matauni ngati Caldas da Rainha ndi Figueira da Foz podikira sitima.

Mlandu wawo unazengedwa mkati mwa unduna, osati kukhoti. A Sousa Mendes sanakane kuti anaphwanya malangizo. Anafotokoza kuti anachita zimenezo pofuna kupulumutsa anthu amene anali pangozi ya imfa, ndipo kuti zimenezo zinabweretsera Portugal ulemu. Pa 30 Okutobala 1940 Salazar anagamula yekha: chaka chimodzi osagwira ntchito akulandira theka la malipiro, kenako kupuma pantchito mokakamizidwa. Tinene chilungamo, boma lililonse lili ndi ufulu wosankha amene alowe m'dziko lake, ndipo konsulo amene amagawa ma viza mwakufuna kwake akhoza kukhalanso konsulo wogulitsa ma viza. Malamulo a m'maofesi amenewa alipo pa chifukwa. Koma Circular 14 sinali lamulo loteteza malire chabe. Inkasankha anthu potengera chimene anabadwa ali, panthawi imene kusankhidwa koteroko kunali kuperekedwa m'manja mwa opha. Chopweteka china n'chakuti nkhondo itatha boma la Salazar linalandira matamando chifukwa cholandira othawa nkhondo, pomwe munthu amene anatsekulira ambiri a iwo chitseko anali atakhala pakhomo, wolangidwa.

Mu 1945 a Sousa Mendes analembera Nyumba ya Malamulo ya Portugal. Mfundo yawo inali yoyenera kuimvetsa aliyense wowerenga tsamba lino: malamulo aakulu a dziko, Constituição, ankaletsa kusankha munthu chifukwa cha chipembedzo chake, choncho kalata ya unduna yotsutsana nawo sinali yoyenera kuimvera. Kalata ya nduna ili pansi pa lamulo, ndipo lamulo lili pansi pa Constituição. Palibe chimene chinasintha. Chaka chomwecho anadwala sitiroko, mbali imodzi ya thupi n'kufooka.

Zaka zotsala zinali zaumphawi. Panali nthawi imene iwo ndi banja lawo ankakadya ku khitchini imene Ayuda a ku Lisboa anakonzera othawa nkhondo, atakhala pamodzi ndi anthu amtundu womwe ankawasainira. Ana awo anabalalika, ambiri kupita ku United States ndi ku Canada. Mayi Angelina, amene ku Bordeaux ankaphikira ndi kugoneka othawa nkhondo m'nyumba mwawo, anamwalira mu 1948. Chaka chotsatira a Sousa Mendes anakwatira mayi Andrée Cibial, Mfalansa amene anali atabereka naye kale mwana wamkazi mu 1940, mkazi woyamba akadali moyo. Katundu wa m'nyumba yaikulu ya ku Cabanas de Viriato, yotchedwa Casa do Passal, anagulitsidwa pang'onopang'ono kubweza ngongole. Anamwalira pa 3 Epulo 1954 m'chipatala cha a Franciscan ku Lisboa, ndipo anawaika m'manda atavala mkanjo wa chipanicho.

Malamulo amene amayendetsa maofesiwa lero analembedwa iwo atachoka kale pantchito. Pangano la ku Geneva la 1951 linafotokoza kuti wothawa kwawo ndani ndipo linaletsa kumubweza kumene moyo wake uli pangozi. Mayiko a mu Africa anawonjezera lawo mu 1969, lophatikiza othawa nkhondo ndi zipolowe. Mapangano a ku Vienna, la 1961 lokhudza akazembe ndi la 1963 lokhudza makonsulo, anaika poyera ntchito za aliyense. Ndime 36 ya pangano la 1963 muisunge pamtima ngati mumapita ku Joni, ku Malawi, ku Zambia kapena ku Zimbabwe: mukamangidwa m'dziko la eni muli ndi ufulu wopempha kuti konsulado ya dziko lanu idziwitsidwe, ndipo apolisi ayenera kukuuzani za ufulu umenewu. Konsulo sangakutulutseni m'ndende kapena kusintha chigamulo cha khoti la dzikolo, koma akhoza kudzakuonani, kudziwitsa abale anu ndi kukuthandizani kupeza loya. Zimenezi zimaphweka ngati munalembetsa kale dzina lanu ku konsulado, chimene pa Chipwitikizi amati inscrição consular. Koma pa nkhani ya viza zinthu zili monga zinalili: mlendo alibe ufulu woikakamiza, dziko limapereka kapena kukana, ndipo pomaliza pamakhalabe munthu mmodzi wogwira cholembera.

Dzina la a Sousa Mendes linatsukidwa mochedwa, ndipo anayamba ndi akunja. Ana awo, makamaka amene anali ku America, anasonkhanitsa maumboni a anthu opulumuka. Mu 1966 bungwe la Yad Vashem ku Jerusalem linawalemba m'gulu la anthu a mitundu ina amene anaika moyo kapena udindo wawo pachiswe populumutsa Ayuda. Ku Portugal kunali zii mpaka ulamuliro wankhanza utagwa pa 25 Epulo 1974, kugwa komwe kunatsegulanso njira ya ufulu wathu wa pa 25 Juni 1975. Ngakhale pamenepo panapita zaka zina. Pulezidenti Mário Soares anawapatsa mendulo ya Ordem da Liberdade, ndipo mu Malichi 1988 Nyumba ya Malamulo, aphungu onse mogwirizana, inawabwezera m'kaundula wa antchito a undunawo n'kuwakweza udindo, patatha zaka pafupifupi 34 chimwalirireni. Pa 19 Okutobala 2021 dzina lawo linaikidwa mu Panteão Nacional ku Lisboa, nyumba yolemekezera anthu otchuka a dzikolo, koma mafupa awo anatsala kumanda a banja ku Cabanas de Viriato. Casa do Passal, imene inakhala zaka zambiri ili bwinja, denga likugwa, inakonzedwanso n'kutsegulidwa ngati nyumba yosungiramo mbiri yawo pa 19 Julayi 2024, tsiku lawo lobadwa.